Jezi Yachikasu ya Akambuku

1. Matebulo Pabwalo

Sabata yachiwiri ya maphunziro, magulu onse a ophunzira anatulutsa matebulo awo pabwalo la yunivesite. Chaka chilichonse zimatero. Atsopano amangozungulirazungulira ngati nkhuku zogula kumene, akale n'kumawakodola uku ndi uku.

Mmodzi wa atsopanowo anali Nicanor Tlapa. Kwawo kunali kumapiri, kwa alimi a khofi, ndipo mumzinda muno ankakhala kwa malume ake. M'kalasi anali wakuthwa mutu, koma akangotuluka panja ankasanduka wamantha. Musamuseke, mantha akewo anali ndi chifukwa.

Sabata yoyamba, anyamata ena anamutsekera njira kuseri kwa laibulale n'kumuvula jekete imene mayi ake anamugulira pomutsanzika. Sanamumenye. Anangomusisita m'mutu n'kumuuza kuti, "Takulandira, wakumudzi." Kuyambira tsiku limenelo ankayenda akucheukacheuka.

Mnzake anali mmodzi yekha, Abundio, mnyamata wonenepa ndi wokonda kuseka, amene ankakhala naye benchi imodzi.

"Nica, tiye ku gulu lovina uko," anatero Abundio. "Taona atsikana ali mbwee!"

"Iwe ndi mimba yakoyo ukavina chiyani?"

"Mimba ndiye imavina bwino, mbuli iwe. Ine ndikangoyamba, iyo imamaliza yokha."

Anadutsa tebulo la okwera mapiri, la oimba magitala, ndi la amene Loweruka amakaphunzitsa ana kuwerenga m'makomboni. Pa tebulo la wailesi ya ophunzira panali mtsikana wa chaka chachitatu, dzina lake Yaretzi. Atamva kayankhulidwe ka Nicanor anamuimitsa.

"Ndiwe wakumapiri eti? Chiyankhulo cha kwanu umachitha? Tikusowa munthu wowerenga nkhani m'chiyankhulo chimenecho."

Nicanor zinamukomera mumtima. Koma funso limene linatuluka pakamwa pake linali lina. "Kodi a gulu lanu amavulidwa majekete?"

Yaretzi anaseka. "Timavulidwa ngati wina aliyense, mlongo. Ife si apolisi."

Nthawi yomweyo ng'oma inalira chakumasitepe. Kuseka kwa Yaretzi kunathera pomwepo. Anawerama ngati akukonza mapepala, n'kunena chapansipansi kuti, "Sankhani gulu lililonse pabwalo pano. Koma achikasuwo ayi."

2. Gulu Lopanda Tebulo

Achikasuwo ankadzitcha Akambuku. Iwo analibe tebulo. Ankakhala pamasitepe ndi ng'oma yawo, onse atavala majezi achikasu, akuotcha nyama n'kumaikulunga m'timikate totentha ta chimanga totchedwa matotiya. Fungo lake linkakoka aliyense wanjala, ndipo wophunzira watsopano njala simuchoka.

Mkulu wawo ankamutcha Kadzidzi chifukwa cha maso ake aakulu osaphethira. Ankati ndi wophunzira, koma panalibe amene anamuonapo akulowa m'kalasi, ndipo ndevu zake zinali zitayamba kale imvi.

"Iwe wakumapiri, tabwera!" anaitana Kadzidzi.

Nicanor anacheuka. Anafuna kuthawa, koma miyendo inamupititsa komweko. Kadzidzi anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa jekete. Inali yomwe ija.

"Ndinamva kuti agalu ena anakuvutitsa," anatero akumuveka pamapewa. "Ndawalanga kale. Ife sitilola zoterozo, mng'ono wanga. Ukuiona jezi iyi? Ukaivala, ngakhale ntchentche imayamba yapempha isanatere pa iwe."

Anyamata a pamasitepe anaseka. Wina anapatsa Nicanor nyama, wina anapatsa Abundio.

"Kodi gulu lanu limachita chiyani?" anafunsa Abundio pakamwa pali tho.

"Timachemerera timu ya mpira, basi. Loweruka kuli masewero. Mudzabwere masana pamtsetse wa kumsika wa maluwa, majezi mudzalandirira komweko. Za mayendedwe musadandaule, basi ndi yaulere."

Atachokapo, Abundio anapukusa mutu. "Nyama yawo ndi yokoma, koma maso a munthu uja ayi. Akamakuyang'ana amakhala ngati akuyeza bokosi lako la maliro. Ine sindipitako."

"Ndiperekeze chabe," anachonderera Nicanor. "Ndatopa n'kuyenda ngati mbava pasukulu pano. Ndekha ndikuopa, Abundio. Si ndiwe mnzanga?"

Anamuumiriza njira yonse mpaka pokwerera basi. Abundio anali wofewa mtima, ndipo kufewa mtimako n'kumene kunamuika m'mavuto.

"Chabwino, ndipita," anatero. "Koma chifukwa cha iwe."

3. Mawu a Don Fulgencio

Malume a Nicanor, amene anthu ankawatcha mwaulemu Don Fulgencio, anali dalaivala wa mabasi a mumzinda. Lachisanu madzulo akudya nyemba ndi matotiya, anaona jekete ili pampando.

"Iyi si inabedwa iyi? Yabwera ndi miyendo yake?"

Nicanor anafotokoza zonse mokondwa, za Kadzidzi, za jezi, ndi za basi yaulere. Akazi awo a malume, Doña Eduviges, atangomva za chikasu anachita chizindikiro cha mtanda. Don Fulgencio anakankhira mbale yawo patsogolo.

"Mphwanga, siya kaye kudya undimvere. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma anyamata amenewo ndimawadziwa kuposa aphunzitsi ako, chifukwa ndimawaonera pagalasi la kutsogolo kwa basi.

"Tiyambe ndi jeketeyo. Mzinda waukulu chonchi, akuba ponseponse, iye n'kukapeza jekete ya mwana wa mlongo wanga? Anaipeza kuti? Anakuvula ndi anyamata ake omwe. Amayamba akuopseza, ukasowa pogwira n'kubwera akumwetulira kuti adzakuteteze. Chaka chilichonse amatero, ndipo amasankha ana ngati iwe, akutali, opanda abale pasukulu.

"Tsono basi yaulereyo. Kulibe basi yaulere kuno. Basi imeneyo ndi yanga, kapena ya mnzanga. Amachita chonchi: atsopano amawaveka majezi n'kuwandandalitsa pamsewu atagwirana manja. Amati unyolo. Basi ikaima, akale aja amatulukira m'mbali ndi miyala ndi malamba. Amatsitsa aliyense, amayi, ana, okalamba, ngakhale odwala opita kuchipatala, n'kulamula dalaivala kuti awatengere kubwalo la mpira. M'njira amaima pagolosale n'kusesa zakumwa zonse. Ndiye dzifunse wekha. N'chifukwa chiyani pamsewupo amaikapo atsopano? Akalewo alibe miyendo?"

Don Fulgencio anapitiriza.

"Basi yodzaza si njinga, mphwanga. Ukaponda buleki pamtsetse imapitabe ndithu. Ndipo mabuleki a mabasi athuwa ine ndimawadziwa, ena timachita kuwapempherera m'mawa tisananyamuke.

"Pali chinanso. Chaka chatha anagwira mnzanga Don Melitón. Anaima bwinobwino munthu wamkulu uja. Anangopempha kuti mayi wina woyembekezera asamutsitse padzuwa. Anamumenya ndi chitsulo cha lamba kumaso. Lero diso limodzi saonera, ntchito inatha, akugulitsa malalanje pakhomo pake. Kuchokera pamenepo madalaivala ena analumbira kudepoti kuti akadzaona chikasu pamsewu adzangoponda moto. Ine sindinalumbire nawo. Koma sindikudziwa kuti mawa pamtsetse umenewo adzayendetsa ndani.

"Ngakhale basi ikuphonye, jezi sidzakusiya. Ili ndi mwini wake jezi imeneyo, munthu wa tayi amene sudzamuona n'komwe. Tsiku lina ophunzira anzako adzadandaula za chinachake, iwe adzakupatsa chitsulo kuti ukawatseke pakamwa. Ukadzakana udzadziwa kuti nyama unadya ija sinali yaulere. Mayi ako anathyola khofi mpaka zala kung'ambika kuti iwe ufike kuno. Ine sindikufuna kukwera phiri lija kukawauza kuti mwana ndinamutola pamsewu."

"Mwamuopseza mwana," anatero Doña Eduviges. "Taonani sakudyanso."

"Aope kumene. Ndikufuna aope."

"Sindipita, Amalume," anatero Nicanor. Ananena zoona. Koma zoti anakokera mnzake m'nkhaniyi sanaulule, chifukwa anachita manyazi.

4. Pamtsetse

Loweruka m'mawa Nicanor anaimbira Abundio kuti amuuze asapite. Foni inangoitana osayankhidwa. Anaganiza kuti mnzakeyo akugona, poti tulo ankalikonda ngati chakudya. Chakumasana uthenga wa Abundio unalowa: "Ndafika kale. Fulumira, anthuwa akundiyang'ana moipa."

Nicanor anadzambatuka. Malume ake anali kuntchito. Anauza Doña Eduviges kuti akupita kulaibulale, n'kuthamangira kumsika wa maluwa. Maganizo ake anali oti akangomukoka mnzakeyo n'kubwerera.

Pamtsetse anapeza chikasu chokhachokha. Amayi ogulitsa maluwa anali akulowetsa ndowa zawo mofulumira, ndipo magolosale anali atatseka kale zitseko. Abundio anali ataima pakati pa atsopano, atavala jezi yomuthina. Sankasekanso.

"Tiye tizipita," anamunong'oneza Nicanor. "Si za mpira izi. Akufuna atiimike kutsogolo kwa basi."

"Ndadziwa kale. Tithawira kuti? Tacheuka."

Nicanor anacheuka. Kumbuyo kwawo kunali Akambuku akale, aliyense atakulunga lamba kudzanja, chitsulo chikulendewera. Wina anamuyang'ana n'kumutsinzinira diso. Anali mmodzi mwa amene anamuvula jekete aja.

Dzanja lolemera linamugwira pakhosi. "Wachedwa, mng'ono wanga," anatero Kadzidzi. Asanayankhe, jezi inali itamulowa kale m'mutu. Inkanunkha thukuta la munthu wina.

"Tamverani, ana inu!" anakuwa Kadzidzi. "Lero mukhala Akambuku enieni. Basi imaima nthawi zonse, sinalepherepo. Lamulo ndi limodzi: unyolo suduka. Wodula unyolo ndi mdani wathu, iyeyo pamodzi ndi amene wagwirana naye. Mwamva?"

"Tamva," anayankha atsopanowo mozizira.

Anawakankhira pamsewu. Nicanor anapezeka pakatikati. Kumanja anagwira Abundio, kumanzere kamtsikana kowonda kamene sankakadziwa. Dzanja la kamtsikanako linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Akale aja anabisala kuseri kwa makoma, Kadzidzi anakwera pakhonde la golosale, kutali ndi msewu. Ng'oma inayamba kulira.

Pamwamba pa mtsetse panatulukira basi yobiriwira, yodzaza mpaka pakhomo.

"Gwiranani!" anakuwa Kadzidzi.

Hutala inalira. Basi inkakula, liwiro osachepa. Hutala inaliranso, ulendo uno osaleka. Abundio anatseka maso n'kuyamba kupemphera mokweza. Kamtsikana kaja kankalira, koma dzanja sikanasiye. Onse ankaopa malamba a kumbuyo kuposa basi ya kutsogolo.

"Osasuntha! Iima imeneyo!"

Nicanor anaona nkhope ya dalaivala pagalasi. Anali mnyamata wamng'ono, kukamwa kuli yasa, akulimbana ndi chiwongolero. Matayala anayamba kufuka utsi, koma basi inkabwerabe.

"Thawani!" anakuwa Nicanor ndi mphamvu zake zonse. Anakankhira kamtsikana kaja kumanzere, n'kudziponya kumanja akukoka Abundio. Awiriwo anagwera m'ngalande. Unyolo utaduka pakati, atsopano onse anabalalika mbali zonse.

Basi inadutsa ikukhuluzika, mabuleki akulira, pamalo penipeni pamene iwo anaima. Inakaima kumunsi, pafupi ndi chipata cha msika. Anthu a m'katimo ankakuwa. Dalaivala ataona kuti njira yatseguka, anaponda moto n'kusowa pakona.

Ng'oma inasiya. Pamsewu panali zii, fungo la matayala opsa lili ponseponse. Palibe anafa. Aliyense wa maso anaona kuti Nicanor wapulumutsa anthu, koma Kadzidzi sanaone zimenezo. Iye anaona basi yake yaulere itapita, ndiponso ana atsopano atadziwa kuti anawanamiza.

"Wadula ndani?" anafunsa akutsika pakhonde. Sanakweze mawu. "Ndi wakumapiri uja. Mugwireni."

Nicanor anavula jezi n'kuitaya m'ngalande momwemo. "Abundio, thawa!" Analowa mumsika liwiro la mtondo wadooka, akudumpha ndowa ndi mitolo ya maluwa. Mayi wina anamulozera kanjira ka kuseri kwa mabenchi, n'kugwetsa dala ndowa ya madzi kutsogolo kwa omuthamangitsa. Anatulukira mbali ina ya msika, n'kuthamangabe mpaka mpweya unamuthera.

Pamenepo ndi pamene anacheuka. Kumbuyo kwake kunalibe Abundio.

5. Mlendo M'kalasi

Anaimba foni, koma inali yotseka. Anafuna kubwerera kumsika, koma anaopa Akambuku. Anafika kunyumba mawondo atanyuka, n'kunama kuti wagwa pamasitepe a laibulale. Don Fulgencio anamuyang'ana mokaikira.

Lamlungu lonse foni ya Abundio inali yotsekabe. Kumene mnzakeyo ankachita lendi Nicanor sankakudziwa. Apa mpamene akanayenera kugwada pamaso pa malume ake n'kuulula zonse, poti munthu wamkulu akanadziwa koyambira. Koma mwana uyu anasankha kukhala chete, akudzinamiza kuti mwina Abundio wangotaya foni pothawa. Chakudya sichinalowe tsiku limenelo.

Lolemba anaganiza zojomba, koma kusukulu kokha n'kumene akanamva za mnzake. Analowera chipata cha kumbuyo. Pafupi ndi chipinda cha wailesi anakumana ndi Yaretzi, amene anamukokera pambali.

"Sukulu yonse yamva zimene unachita," anatero. "Kamtsikana unakakankha kaja kanabwera kwa ife dzulo. Atsopano ambiri ataya majezi, ndipo Kadzidzi wapenga. Usayende wekha lero. Kalasi ikatha undidikire momwemo, tidzabwera ambiri kudzakutenga. Wamva? Usatuluke."

"Nanga Abundio mwamuona?"

Yaretzi anapukusa mutu.

M'kalasi Nicanor anakhala pabenchi yawo ija, malo a mnzake ali opanda munthu. Aphunzitsi a masamu ankalemba pabolodi, koma iye sankaona chilichonse. Phunziro lili pakati, chitseko chinatseguka popanda kugogoda.

Anali Abundio. Anali atavalabe jezi yachikasu, yong'ambika paphewa. Diso limodzi linali litatsekeka ndi kutupa, ndipo mkono wamanzere unali m'pulasitala, utapachikidwa ndi nsalu m'khosi. Kumbuyo kwake, pagalasi la chitseko, kunkaoneka mitu ya anthu ovala chikasu.

Kalasi yonse inati zii. Aphunzitsi anacheuka, anaona jezi, n'kutembenukiranso kubolodi. Nawonso anali ndi ana kunyumba.

Abundio anayenda motsimphina mpaka pabenchi. Sanakhale. Anawerama, ndipo Nicanor anaona kuti dzino limodzi la kutsogolo palibe.

"Abundio, pepa," anatero Nicanor misozi ikutsika. "Ndimayesa uli kumbuyo kwanga."

"Ndinabinya phazi m'ngalande muja." Mawu ake ankatuluka movutikira. "Sindikukuda, Nica. Ukanapanda kundikoka, bwenzi lero akundiika m'manda. Koma andituma. Akuti ukufunika panja, pompano."

"Dikira kalasi ithe. A wailesi akubwera ambiri kudzatitenga. Khala pansi apa."

"Sadikira. Adziwa kale za a wailesiwo." Abundio anayang'ana kuchitseko, kenako anayang'ana mkono wake wabwino uja. "Andiuza kuti ndikatuluka ndekha, kapena ndikachedwa, alowa n'kundithyola winawu. Ndi umene ndimalembera, Nica."

Nicanor anayang'ana anzake a m'kalasi. Onse anali ataweramira mabuku awo. Anayang'ana aphunzitsi, koma choko chinkangolirabe pabolodi. Wina anagogoda pagalasi la chitseko ndi chitsulo cha lamba, pang'onopang'ono.

Nicanor anagwira benchi ndi manja onse awiri n'kuimirira.

"Iwe ndakupweteketsa kokwanira," anatero. "Khala pansi. Ndipita ndekha."